Tsogolo ndi la Yani? Ounika Mabuku ndi Mzere wa Makolo wa Nkhani Zopeka za Sayansi

Mwa mitundu yonse ya zolembedwa imene timaphunzitsa m'sukulu za ukachenjede za m'chigawo chino, palibe umene umatipatsa manyazi ngati uja Angerezi amautcha science fiction. Manyaziwo ali pawiri. Poyamba, tilibe dzina lake lokhazikika m'Chichewa: ena amati nthano za sayansi, ena amati nkhani zopeka za sayansi, ena amangotchula Chingerezicho n'kupitirira. Kachiwiri, ambirife tinakula tikumva kuti zimenezi ndi zoseweretsa za ana a azungu, za maroketi ndi zilombo zochokera ku nyenyezi, zosayenera munthu amene kwawo mpopi unauma kalekale. M'nkhani ino nditenga dzina lachiwirilo, pakuti nthano ili ndi malamulo akeake amene ndiwakhudza kutsogoloku. Funso langa silikupita kwa alembi kwenikweni, koma kwa ife amene timawasanthula. Kodi wounika mabuku akamalemba mbiri ya mtundu wa zolembedwa, n'kunena kuti unayambira apa ndipo kholo lake ndi uje, amakhala akungofotokoza zimene wazipeza, kapena akugawa chuma chamasiye? Ngati akugawa, ali ndi mlandu wotani kwa amene wawamana?

Funsoli ndikulifunsa maso ali pa Budiriro, limodzi mwa makomboni akuluakulu a kummwera chakumadzulo kwa Harare, loyandikana ndi Glen View ndi Mufakose. Dzinali ndi la Chishona, lochokera ku mneni kubudirira, ndipo limatanthauza kupambana kapena chitukuko. Komboniyi inamangidwa dziko la Zimbabwe litalandira kale ufulu wake wa 1980, ndipo amene anasankha dzinali ankalosera za moyo umene unali usanafike. M'makomboni amenewa muli ana ndi zidzukulu za machona ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia, ndipo Chichewa chimamvekabe m'nyumba zina, makamaka pamaliro, m'nyumba zopemphereramo ndi kudambwe. Anthu amenewa ndiwo muyeso wanga. Chiphunzitso chilichonse cha zolembedwa chimene chikunena za kuganizira zam'tsogolo, koma n'kusowa malo oikapo anthu awa, chili ndi chilema penapake.

Tiyambe ndi mfundo imene imadabwitsa ophunzira ambiri: mtundu uwu wa zolembedwa sunayambe wabadwa kenako n'kupeza ousanthula. Ousanthulawo ndiwo anali azamba ake. Mu April 1926, ku New York, Hugo Gernsback anatulutsa magazini yotchedwa Amazing Stories, nagwiritsa ntchito liwu lopeka yekha loti scientifiction, natchula Jules Verne, H. G. Wells ndi Edgar Allan Poe monga eni ake a nkhani za mtunduwo. Poe anali atamwalira mu 1849, Verne mu 1905. Awiriwa anapita kumanda osadziwa kuti tsiku lina adzakhala pachibale. Gernsback anatola nkhani zawo zakale, nazisindikizanso pansi pa dzina limodzi, ndipo owerenga atayamba kulemba makalata otsutsana m'magaziniyo, banja linakhazikika. Pambuyo pake kunabwera ounika enieni. Damon Knight anasonkhanitsa ndemanga zake m'buku la In Search of Wonder mu 1956, akulimbikira kuti nkhani zimenezi ziyesedwe ndi muyeso womwewo umene timayesera zolembedwa zina zonse. Kingsley Amis anatulutsa New Maps of Hell mu 1960. Mu 1973 Brian Aldiss, m'buku la Billion Year Spree, anasuntha tsinde lonse la banjali nalibzala pa Frankenstein, buku la Mary Shelley la 1818.

Mchewa aliyense amene anaonapo mkangano wa ufumu akudziwa chimene chinachitika apa. Mfumu ikamwalira, mbumba imakhala pansi, ndipo amayi akuluakulu amawerenga mabere: uje anabadwa kwa uje, bere lalikulu ndi ili, laling'ono ndi ilo. Wowerengayo sanama poyera. Amangolumpha bere limodzi, kapena kuyambira mbadwo umene ukumukomera, ndipo ufumu wapita kwina. Aldiss atayambira pa Mary Shelley, nkhani zopeka za sayansi zinapeza mayi, zinasamuka kuchoka m'magazini otchipa a ku America kupita m'zolembedwa zolemekezeka za ku England, ndipo mfundo yake yaikulu inasintha: kuchoka pa kunyadira makina kufika pa mantha a mlengi amene wathawa cholengedwa chake. Mabuku anali omwewo. Chinasintha ndi pakamwa pa wowerenga mibadwo.

Amene anamanga mpanda wolimba koposa ndi Darko Suvin, wobadwira ku Zagreb, yemwe anaphunzitsa pa yunivesite ya McGill ku Montreal. M'buku lake la Metamorphoses of Science Fiction la 1979 anati nkhani za mtunduwu zimadziwika ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Choyamba, zimatenga dziko limene tinalizolowera n'kulisandutsa lachilendo, kuti tilione ngati koyamba. Chachiwiri, chilendocho chimayenera kutsata nzeru yofufuza, osati kungochitika chifukwa wolemba wafuna. Pakati pa nkhani pamakhala chinthu chatsopano, chimene iye anachitcha novum, ndipo zochitika zonse zimatuluka m'chinthucho monga momwe nthambi zimatulukira pathunthu. Ndi muyeso umenewu Suvin anatsekera kunja nthano ndi nkhani zamatsenga. Mphasa youluka ya m'nthano, mwa kuona kwake, siifunsa chifukwa chimene zinthu zimagwera pansi, imangolambalala funsolo. Ophunzira athu akawerenga zimenezi amapsa mtima, poona kuti agogo awo onse atsala kunja kwa mpanda, ndipo mkwiyo wawo ndi womveka. Komabe ndikupempha kuti tisamuthamangitse msanga mkuluyu. Tidzamufuna tikafika pa nkhani ya madzi.

Chimene mibadwo yonseyi inalumpha chinaululidwa bwino ndi John Rieder mu 2008, m'buku la Colonialism and the Emergence of Science Fiction. Iye anaonetsa kuti nkhani zimenezi zinakula nthawi imodzi ndi utsamunda, ndipo zinayamwa bere lake. Mtsamunda akamayenda ulendo wopita kutali ankakhulupirira kuti akuyendanso m'nthawi, kubwerera kumbuyo, ndipo anthu amene ankawapeza ankawaona ngati zotsalira za dzana la mtundu wa anthu. Ife a kuno sitifunika umboni wochokera kutali. King Solomon's Mines, buku la H. Rider Haggard la 1885, linaika chuma cha mfumu ya m'Baibulo m'katikati mwa chigawo chathu chino, ndipo patangopita zaka zisanu gulu la Cecil Rhodes linakweza mbendera pamalo amene lero ndi Harare. Mu 1891 Theodore Bent anafukula pa Great Zimbabwe nagamula kuti malinga amiyalawo anamangidwa ndi alendo ochokera kutsidya la nyanja. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anaonetsa kuti omanga anali Aafirika, koma boma la Rhodesia linakakamirabe nthano ya alendoyo kufikira m'zaka za Ian Smith. Wells yekha, m'buku la The War of the Worlds la 1898, anatembenuza galasi, nafanizira zimene adani ochokera ku Mars akuchita ku England ndi zimene Angerezi anachita kwa eni nthaka a ku Tasmania. Motero si zoona kuti Africa analowa mochedwa m'nkhani zopeka za sayansi. Tinalimo kuyambira pachiyambi, koma monga malo ochitikira nkhani, monga otenga katundu, monga dzulo la anthu ena.

Choipa n'chakuti maganizo amenewa anapeza mboni pakati pathu pomwe. Mu 1969 John Mbiti, wansembe ndi katswiri wa ku Kenya, analemba m'buku la African Religions and Philosophy kuti m'kaganizidwe ka makolo a mu Africa nthawi ili ndi mbali ziwiri zokha, yakale yaitali ndi yatsopano, ndipo kuti tsogolo lakutali kulibe. Umboni wake waukulu unali wa galamala. Anasanthula nthawi za aneni m'Chikamba ndi m'Chikikuyu, napeza kuti nthawi zam'tsogolo za zilankhulozo zimafika miyezi isanu ndi umodzi, mwina zaka ziwiri, osapitirira apo. Mbiti sanali mdani wa Africa. Cholinga chake chinali kuonetsa kuti tili ndi nzeru zathuzathu. Kwame Gyekye wa ku Ghana anamutsutsa mu 1987 pogwiritsa ntchito chilankhulo cha Aakani. Koma mawu akatuluka sabwerera, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofuna kufotokoza chifukwa chimene Aafirika salembera zam'tsogolo ankangotola Mbiti n'kutseka nkhani.

Apa wophunzira zilankhulo sangakhale chete. Chichewa chimasiyanitsa ndipita ndi ndidzapita, ndipo mphatikiram'kati -dza- alibe malire. Amanyamula sabata yamawa, amanyamulanso tsiku la chiweruzo; mlaliki ndi wogulitsa tomato amamugwiritsa ntchito mofanana. Gwero lake likuoneka poyera: ndi mneni kudza. Zam'tsogolo m'Chichewa ndi zinthu zimene zikubwera kwa ife, zoyenda ndi miyendo yawo, ndipo n'chifukwa chake akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mwambi umenewu ndi wa anthu amene ankadziwa kuti kutsogolo kuli zinthu zimene sanazionepo, ndipo ankalangizana kuti akonzeke. Masiku tinawapatsa maina mbali zonse ziwiri: dzulo ndi dzana kumbuyo, mawa, mkuja ndi mtondo kutsogolo. Chishona nachonso chili ndi -cha- wake, ndipo liwu lake la tsogolo, ramangwana, linamera pa liwu la mawa. Koma pali china chimene chimandikopa kwambiri. Munthu akamwalira timati watsogola, kapena kuti watitsogolera. Makolo amene Mbiti anawaika kumbuyo, m'nyanja ya nthawi yakale, ife timawaika patsogolo, panjira imene tonse tikuyenda. Tsinde la tsogolo ndi la kutsogola ndi limodzi. Sindikunena kuti galamala imalamula maganizo. Kulakwa kwa Mbiti kunali komweko, ndipo sitingakukonze pokubwereza mozondoka. Chingerezi chenicheni chilibe mphatikira wa nthawi yam'tsogolo pa mneni, chimadalira timawu tothandizira, koma palibe amene ananenapo kuti Angerezi sadziwa mawa. Ndikungonena kuti wolemba wa Chichewa amene akufuna kulemba za chaka cha 2500 ali ndi chida chimene Wells analibe: chilankhulo chimene chimalola kuti akufa ndi osabadwa akumane mbali imodzi ya msewu.

Ndipo ngakhale galamala ikanakhala chete, mbiri ya machona ikanayankha. Mnyamata amene ankachoka ku Dedza kapena ku Ntcheu wapansi, kudutsa dera la Tete, kuwoloka Zambezi, kapena kukwera malole a Ulere amene anayamba kunyamula anthu m'zaka za m'ma 1930, ankapita kudziko limene ankangolimva m'nkhani za obwerera. Ankapita chifukwa cha msonkho, inde, komanso chifukwa cha chithunzi chimene anali nacho m'mutu: njinga, makina osokera, nyumba yamalata, mwana wodziwa kulemba. Atafika ku Salisbury, m'migodi ndi m'mafamu a fodya, anthu amenewa anayambitsa mabungwe othandizana pamaliro, kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi pokonzekera tsiku limene palibe ankalidziwa. Amenewa si anthu a miyezi isanu ndi umodzi. Chimene chinawachitikira n'chakuti ena anawalanda tsogololo ndi cholembera. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo ali ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mitupo, ndiye kuti alibe mfunda, pamene ambiri mwa iwo anali Aphiri, Abanda, Ambewe ndi Amwale. Mu 2005 Operation Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi misika m'makomboni, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Onani kuti chida chinali chomwecho chimene tachiona kwa ounika mabuku: wina anawerenga mibadwo, nalumpha bere.

Tsono wounika mabuku wa Chichewa achite chiyani? Yesero loyamba, limene ndaliona likukula m'misonkhano yathu chibwerereni mawu oti Afrofuturism, amene Mark Dery anawapeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi Africanfuturism, amene Nnedi Okorafor anawafotokoza mu 2019, ndi kugwetsa mpanda wonse n'kunena kuti zonse zathu ndi nkhani zopeka za sayansi. Umboni wake ndi wokoma. Gule Wamkulu, amene amavinidwabe m'makomboni a Harare kumene Ashona amamutcha zvigure, ali ndi zilombo zooneka ngati galimoto, njinga yamoto ndi helikopita, ndipo bungwe la UNESCO linatchula zina mwa izi pomulemekeza mu 2005. Dambwe linaona makina a mzungu, linawameza, n'kuwatulutsa akuvina pabwalo pamodzi ndi mizimu. Kumeneko ndi kusandutsa chozolowereka kukhala chachilendo, ndipo Suvin akanayenera kuvula chipewa. Ena amapitirira, n'kunena kuti lichero limene mfiti imaulukira usiku kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi roketi yathu, ndipo kuti amene akukana zimenezi ndi kapolo wa maganizo a azungu.

Apa ndi pamene ine ndimapatukira. Kuveka gule dzina la science fiction si kumukweza; ndi kumupempherera malo pakhonde la nyumba ya eni, pamene iye ali ndi bwalo lakelake, malamulo ake ndi omuunika ake, amene amadziwa chilombo chovina bwino ndi chongotaya fumbi. Za lichero ndiye n'zoopsa. M'buku, lichero louluka ndi fanizo lokongola. M'mudzi, lichero lili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo nthawi zambiri ndi nkhalamba yopanda woiteteza. Mu January 2016, m'boma la Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Wounika mabuku amene wakhala muofesi n'kulemba kuti kufotokoza kwa ufiti ndi kufotokoza kwa sayansi n'chimodzimodzi, kungosiyana chikhalidwe, ayenera kudziwa kuti mawu akewo ali ndi kumene amakagwera.

Budiriro akutiphunzitsa zomwezo kudzera m'madzi. Mliri wa kolera wa 2008 mpaka 2009 unagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe n'kupha oposa 4,000, ndipo komboniyi inali pakati penipeni pa moto. Chipatala chake chaching'ono chinasanduka malo ogonekerapo odwala ochokera mbali zambiri za mzinda. Mu September 2018 matendawa anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Chifukwa chake sichinali chobisika. Harare amamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, imene ili kumunsi kwa mzindawo, ndipo mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatengera komweko zotuluka m'malo oyeretsera zonyansa. Mzinda umamwa kumunsi kwa chimbudzi chake. Mankhwala oyeretsera madzi akasowa pa Morton Jaffray, mipopi ikauma, anthu amakumba zitsime pafupi ndi mapaipi a zonyansa amene anaphulika, ndipo kachilombo kamapeza njira. Wolemba nkhani zopeka akanapeka mzinda wotere, akonzi akanamuuza kuti wanyanya. Pamalo ngati amenewa funso loti zatheka bwanji, madzi awa achokera kuti, adutsa pati, si mwambo wa azungu. Ndi funso limene limasiyanitsa nyumba imene mulowe maliro ndi imene musalowe. Chimene Suvin anachitcha nzeru yofufuza n'chimenechi, ndipo ndikuona kuti tiyenera kuchisunga. Chotaya ndi mzere wake wa makolo, ndi chizolowezi choganiza kuti funsolo linabadwira ku Ulaya. Mlimi amene amasankha mbewu, mzamba, wosula makasu ndi mmisiri wa m'mbali mwa msewu amene amadzutsa foni yakufa, onsewa amalifunsa tsiku ndi tsiku.

Mwamwayi, pali buku la kuno limene linagwira mfundoyi pakhosi. MunaHacha Maive Nei? la Masimba Musodza, lotuluka mu 2011, limatchulidwa kawirikawiri kuti ndilo buku loyamba la nkhani yopeka ya sayansi m'Chishona. Mankhwala ochokera pamalo ena ochitira kafukufuku wosaloledwa akulowa m'madzi ndi m'nthaka, zamoyo zikusintha maonekedwe, ndipo chinsomba chachikulu chitavulaza mwana, anthu a m'mudzi akuganiza kuti njuzu, mzimu wa m'madzi wosunga chilengedwe, wakwiya, nayamba kuupepesa monga mwa mwambo. Chokoma n'chakuti kufotokoza kuwiri konseku kuli m'nkhani imodzi, ndipo anthu a m'mudziwo sanalakwe kotheratu: madzi alakwiridwadi, pali wina amene waswa lamulo. Chimene akusowa ndi dzina la wolakwayo ndi njira imene poizoni wadzera. Wounika wotsata Suvin mwakhungu adzachotsa njuzu kuti bukulo liyenere mpanda. Wounika wogwetsa mpanda adzakondwera ndi njuzu n'kuiwala mankhwala. Onse awiri adzakhala atawerenga theka la buku.

Kuti kuunika kumasintha ngakhale munthu amene anafa kale, taonani Edward Mukuka Nkoloso wa ku Zambia. Mu 1964, chaka cha ufulu wa dzikolo, mphunzitsi ameneyu analengeza kuti adzatumiza anthu kumwezi ndi ku Mars, ndipo ankaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka powagubuduza m'migolo kuchokera pachitunda. Atolankhani akunja anaseka mpaka misozi, ndipo kwa zaka makumi asanu iye anali chitsanzo cha Mwafirika wotengera zimene sakuzimvetsa. Namwali Serpell, m'nkhani imene analemba mu 2017 ndi m'buku lake la The Old Drift la 2019, anakumbutsa dziko kuti munthuyu anali msilikali wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi womenyera ufulu, ndipo anafunsa ngati woseka weniweni sanali Nkoloso mwini, akunyogodola mpikisano wa maiko olemera ndi chizolowezi chawo chopita kwa eni kukawatukula. Bukulo linapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020. Migolo ndi yomweyo. Lero Nkoloso ndi kholo.

Ku Malawi nako mbewu inamera. Shadreck Chikoti anapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013 ndi Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikudzazo, imene inasindikizidwa mu 2015, ndipo m'nyengo yomweyo kampani yake inatulutsa Imagine Africa 500, nkhani za alembi a maiko angapo zimene anakonza Billy Kahora wa ku Kenya. Mmodzi mwa alembi ake, Muthi Nhlema, ndi injiniya wogwira ntchito za madzi, zimene sizikundidabwitsa. Ivor Hartmann wa ku Zimbabwe anali atatulutsa kale AfroSF mu 2012. Koma zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo amene anayenda kukacheza ndi alembi a ku Malawi n'kuwalemba m'kaundula wa dziko lonse ndi Geoff Ryman, mlendo wochokera kunja. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, tiyamike; koma n'zomvetsa chisoni kuti eni mudzi tinalibe lumo. Kusowa kwa nkhani zoterezi m'Chichewa kuli ndi zifukwa zimene zingatchulidwe maina. Buku la Chichewa linakulira m'manja mwa amishoni ndi a mabungwe a boma osindikiza mabuku a sukulu. Nthondo wa Samuel Josia Ntara, wa 1933, anaika chikombole chimene ambiri anaumbiramo: munthu asochera, atembenuka mtima, akhazikika. Kenako kunabwera lamulo lounika ndi kuletsa mabuku la 1968, ndipo kuyambira 1971 dziko linali ndi Pulezidenti Wamuyaya. Liwu lomalizali tiliyang'ane ngati ophunzira chilankhulo. Pansi pa munthu wamuyaya, kulemba za Malawi wa zaka makumi asanu kutsogolo kunali kunena kuti Ngwazi idzafa, ndipo -dza- ameneyo akanatha kumufikitsa munthu ku Mikuyu. Mbiti anafunafuna chifukwa m'galamala, pamene chinali ku polisi.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndi liwu loti loyamba, ngakhale pamene likunenedwa mokoma mtima za Musodza kapena Chikoti. Amene walinena watseka kaundula asanafufuze m'masewero a pa wailesi, m'nkhani zazifupi za m'manyuzipepala a Chichewa, m'mabuku a ana, ndi m'makope amene anakanidwa n'kukathera m'masutikesi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ilibe mphotho, ndipo ikudikira ophunzira amene akuwerenga tsamba lino. Ina yoyandikana nayo ndi yomasulira. Tiyerekeze kuti wina wa ku Budiriro, wodziwa Chishona cha kusukulu ndi Chichewa cha agogo ake, wakhala pansi kuti atembenuze buku la Musodza. Pa liwu loti njuzu cholembera chidzaima. Angalisiye momwemo, owerenga a ku Harare n'kumva, a ku Zomba n'kusochera. Angalembe kuti mzimu wa m'madzi, n'kupha mantha onse a liwulo. Kapena angatenge Napolo, chinjoka chija chimene chimati chikasamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja chimakokolola midzi, chimene anthu anachitchula ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndiponso mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy, atayenda milungu yoposa isanu kuchokera kufupi ndi Australia, anagwetsa matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe. Steve Chimombo anamuloza kale Napolo ameneyu m'ndakatulo ndi m'nkhani zake. Koma womasulirayo akasankha Napolo, nsomba ija siidzakhalanso nsomba. Nkhani idzachoka padziwe n'kukwera phiri la Soche, ndipo m'malo mwa nyumba imodzi ya kafukufuku imene mungailoze ndi chala, adzayenera kulemba za zitsa za mitengo, za maploti ogawidwa pamtsetse, ndi za nyanja ya mchere imene ikutentha chifukwa cha utsi wa mafakitale a maiko amene anthu a ku Chilobwe sanawapondemo.